Mapiritsi a m'chitini cha zipeso

Achimwene anga akhala akumeta anthu zaka makumi atatu m'kachipinda kamodzi komweko: mpando wozungulira, galasi long'aluka pakona, ndi benchi la odikira. Mumsewu mwathu amangowatchula kuti a Manzere, chifukwa lezala amaligwira ndi dzanja lamanzere. Amuna anga atamwalira, ndi iwo amene ananditenga. Anandipatsa chipinda cha kuseri, ndipo ine ndimachapa matawulo ndi kusesa tsitsi.

Zaka zisanu zapitazo, ali mkati mometa munthu, pakamwa pawo panapotoka, mawu n'kumatuluka ngati a chidakwa. Mulungu anatikomera mtima, zinabwerera. Adokotala anati mtima wawo sugunda mwadongosolo, ndiye magazi amaundana n'kukatseka mtsempha wa kumutu. Anawapatsa mapiritsi oti magazi asamaundane, limodzi patsiku, moyo wonse. Kuyambira pamenepo, akadzicheka chala pang'ono chabe, magazi amadontha mpaka odikira kutopa.

Chaka chino pachifuwa panayamba kuwapanikiza akakwera masitepe. Kuchipatala anati adzalowetsa kachubu kowonda mu mtsempha wa pamkono, pamene timavala wotchi, kapite mpaka ku mtima kuti aone ngati njira za magazi zatsekeka. Anawauza tsiku, n'kuwonjezera kuti, "Mapiritsi musasiye."

Nkhaniyi inafika pa benchi. Pali bambo wina, dalaivala wopuma ntchito, amene amabwera tsiku lililonse ngakhale ali ndi dazi.

"Ine anandiboola m'mphechepeche mwa ntchafu," anatero a Dalaivala. "Tsiku lonse chagada, osatembenuka, mwendo kuda bii mpaka m'bondo. Komatu ine sindimwa zanuzo. Inu, a Manzere, mudzangokhala mpopi. Galasili mundisiyire."

"Mudzaoneramo chiyani, mutu ngati dzira?" anayankha achimwene. Onse anaseka, koma ine ndinaona kuti lumo laima m'malere.

Lachinayi m'mawa, ndikutsuka zipeso, ndinapeza mapiritsi atatu pansi m'chitini chosungiramo zipesozo. Ndinakhala kaye pa benchi n'kupemphera kuti lilime langa lisathamange. Atalowa, ndinangowatambasulira dzanja.

"Achimwene, zipeso zayamba liti kudwala mtima?"

Anayang'ana kumbali. "Iwe, mlongo wanga, ukudziwa mmene chala changa chimachitira. Nanga mtsempha weniweni? Ndingopuma sabata imodzi, magazi alimbe."

"Alimbe n'kupita kuti? Tsiku lija ndinakupukutani dovu ndine. Sindikufuna kubwerezanso."

Sitinatsegule tsiku limenelo. Tinapita kuchipatala, ndipo namwino wa ku chipinda cha odwala mtima, mayi wamfupi wa magalasi, anatimvetsera mpaka kumapeto. Sanakalipe. Anafunsa ntchito yawo, kenako anati, "Bambo, mukamucheka munthu, pamavuta kuletsa magazi ndi pati, pachibwano kapena pakhosi?"

"Pakhosi. Pachibwano pali fupa. Ukadina thonje, lili ndi potsamira."

Namwino anatenga chala chawo n'kuchiika pamkono pawo pomwe. "Mukumva kugundako? Dinani. Pansipo pali chiyani?"

Achimwene anadina, anadinanso. "Fupa."

"Ndiye chibwano chathu chimenecho. Mtsempha wa m'ntchafu ndi waukulu, uli mkati, ukhoza kutaya magazi ife osaona. Uwu ndi waung'ono, uli pamtunda, ukadontha timaona pomwepo n'kudina. N'chifukwa chake kwa anthu ngati inu timakonda pamkono. Sindikunena kuti palibe chimene chingavute, koma kwa inu choopsa kwambiri ndi kusiya mapiritsi."

Anawayeza magazi, adokotala anawauza mmene ayambirenso kumwa, ndipo tsiku analisuntha pang'ono. Tikutuluka, achimwene anabwerera pakhomo. "Amayi, mudzaboole wamanja. Wamanzerewu ndi umene umatidyetsa."

"Ndalemba kale," anatero namwino.

Tsikulo litafika, m'mawa anawayezanso magazi n'kuwalowetsa. Ine ndinakhala m'khonde, manja pamiyendo, mtima uli m'malo. Ola lisanathe achimwene anatuluka ali pa njinga ya odwala, akulongolola. Anali maso nthawi yonse, ati anaona mitsempha ya mtima wawo pa kanema ngati mizu ya mtengo. Umodzi unali wopanikizika pang'ono, wongofuna mankhwala.

Pamkono anawamanga kalamba koonekera mkati, kopopedwa mpweya, kodina pa kabala ka pamene analowetsa kachubu. Patapita nthawi namwino anayamba kubwera ndi sirinji, jakisoni wopanda singano, kuchotsa mpweya pang'ono, kuyang'ana, n'kupita. Ulendo wachiwiri kadontho kofiira kanatuluka. Achimwene anandigwira chovala. Namwino anabwezeramo mpweya, kadonthoko kanaima pomwepo.

"Mwaona? Tadina pafupa. Kwa inu tichedwerapo, basi."

Achimwene anayang'anitsitsa kalambako nthawi yaitali, kenako anati, "Amayi, kameneka simungandigulitseko kamodzi? Ndili ndi makasitomala oyenda-yenda pa mpando."

Dzuwa lisanalowe anachotsa kalamba, n'kumata pulasitala. Achimwene anatuluka akuyenda okha. Anawauza kuti asanyamule zolemera masiku angapo, ndiye ndowa ya madzi inali yanga, ndipo sindinadandaule.

Atatsegulanso, woyamba kufika anali a Dalaivala. Achimwene anawaonetsa kachipsera kochepa ngati polumidwa ndi udzudzu.

"Basi? Komweka?"

"Komweka. Khalani pa mpando, ndikupukutireni dzira."

Masiku ano botolo la mapiritsi limakhala pashelefu, pansi pa galasi, pamene aliyense akuliona. Nthawi ikakwana amaika lumo pansi, ngakhale mutu wa munthu uli theka, amamwa, n'kukweza kapu kuti ndione. Ine ndimangogwedeza mutu n'kupitiriza kusesa.