Wailesi yayankha mayi Esnati

Loweruka lapitali masana, m'holo ya pa esiteti pathu panatsala pang'ono kubuka mkangano waukulu chifukwa cha wailesi.

Tili nayo imodzi yokha, ija yooneka ngati sefuliya, ndipo kiyi wa kabati yake ndimasunga ndine, popeza ndine kalaliki. Batire lake silichedwa kutha, choncho timaitsegula kanthawi kochepa.

A Jailosi, amene amayanika tiyi ku fakitale, anayamba ndiwo.

"A Kalaliki, tiikireni ya kwa Apwitikizi ija. Kumeneko nyimbo zimangotsatana. A wailesi ya ku Lusakawa amangoitana maina ngati tili pamzere wa phoso."

Mayi Esnati anali atakhala pansi pafupi ndi khomo. Anayankha osakweza mawu.

"Ife tabwerera maina omwewo, achimwene."

Mayiwa amathyola tiyi m'munda wa kumtunda, kwawo ndi kwa Nsabwe. Amuna awo, a Waisoni, anapita ku Halale zaka zitatu zapitazo. Chaka choyamba ankalemba makalata, kenako zii. Abale anayamba kuwauza mayiwa kuti atenge ana abwerere kumudzi, akakwatiwenso.

Miyezi iwiri yapitayo mayiwa anabwera ku ofesi kudzandipempha kuti ndiwalembere kalata yopita ku wailesi ya ku Lusaka. Uthenga unali waufupi: moni kwa a Waisoni kulikonse kumene ali, ana akukula, ngati ali moyo anene. Kalatayo inawerengedwa. Chiyambire tsiku limenelo, mayi Esnati sanajombepo m'holo.

Ndinawayang'ana a Jailosi, ndinawayang'ananso mayiwa, ndipo ndinaika ya ku Lusaka.

Muulutsi anawerenga makalata a ku Ndola, a ku Dedza, a ku Zomba. A Jailosi anayamba kuyasamula mokokomeza. Kenako muulutsi anati ali ndi kalata yochokera ku Halale, yopita kwa mayi Esnati a ku Thyolo.

Onse anatembenukira kwa mayiwa.

M'kalatamo a Waisoni anati anzawo anamva moni uja nakawauza. Makina a kuntchito anawadula zala za kudzanja lamanja, anagona m'chipatala nthawi yaitali, ndipo manyazi anawaletsa kutuma munthu kuti awalembere. Abwera mvula ikayamba.

Mayi Esnati sanalire. Anandifunsa kuti, "Ati dzanja liti?"

"Lamanja," ndinatero.

"Adzalima ndi lamanzere. Bola abwere."

Nyimbo imene inatsatira inali ya Chilomwe, ya amayi a ku Thekerani, amene anawajambula anthu a wailesiyo atabwera ndi galimoto yawo chaka chatha. Theka la holo linaimba nawo. A Jailosi omwe ndinawaona akugwedeza phazi.

Musandimve molakwa, owerenga. Wailesi ya kwa Apwitikizi ndi yokoma. Imamveka bwino, magitala ake ndi atsopano, ndipo nanenso Lamulungu ndimaitsegula. Koma amaidyetsa ndi eni sopo, eni ndudu ndi eni mafuta odzola. Ikakupatsani nyimbo ziwiri, yachitatu ndi ya sopo. Kwa iyo tonsefe ndife makutu okhala ndi matumba. Kodi inayamba yatchulapo Nsabwe?

Ya ku Lusaka nayo ndikuidziwa mwini wake. Ndi ya boma, ndipo nkhani zake zina timazimvera ndi khutu limodzi. Komabe gawo limene anthu amalithamangira amalidyetsa ndife. Makalata ndi athu, masitampa timagula tokha, nyimbo ndi za amayi athu. Titaleka kulemba, muulutsi uja angakhale ndi chonena? A ku Lusakawa anazindikira kuti munthu akamva dzina lake kamodzi, amabwera sabata iliyonse, ndipo amabwera ndi anansi ake. Ochita malonda ali ndi ndalama, koma nzeru imeneyi sanaipeze.

Ndimawayamikira anthu amene amakhala pansi n'kumatsegula makalata olembedwa ndi pensulo, ena osawerengeka bwino, n'kuliwerenga dzina la mayi wothyola tiyi mwaulemu womwewo umene amawerengera dzina la bwana.

Lolemba mayi Esnati anatumiza mawu kwa Nsabwe kuti sakubwerera.

Ndikudziwa kuti nyuzipepala ino imafika ku Halale, ku Bulawayo ndi ku migodi ya ku Joni. Inu amene mukuwerengera kumeneko, kodi kwanu akudziwa kuti muli moyo?