Lamulo Lachinayi pa Khoma la a Lameki

Pa Santhe ukafunsa za a Fainala, anthu amayamba aseka kaye. "Aja a malamulo?" Ndi omwewo. Ali ndi kaesiteti ka fodya wa bale, ola limodzi pa njinga kuchokera pamsika, ndipo nyengo yosankha fodya amalemba anthu khumi ndi awiri. Chaka chilichonse mvula ikamatha amakwera minibasi kupita ku Boma, ku ofesi ya zantchito, kukangofunsa ngati pali chimene chasintha. Alimi anzawo amati n'kudziputira mavuto. Iwo amangoti kufunsa n'kudziwa njira.

Muyenera kuwamvetsa. Anakulira m'kanyumba ka matenanti, makolo awo atachokera ku Phalombe, ndipo anaona bambo awo akukalamba pa fodya wa eni. Pambuyo pake anakwatiwa ndi a Lameki, amene anali ndi munda wawowawo. A Lameki atatisiya, munda unatsala m'manja mwa mayiwa. Boma litathetsa utenanti, iwo sanachedwe: aliyense anamulemba pa malipiro a pamwezi, n'kusainirana naye kalata. Wofuna ntchito amayamba waonetsa chiphaso chaunzika, ndipo wochepa zaka amabwerera pageti pomwepo.

Chinthu chimodzi chokha sanachikhudze: khoma la shedi yosankhiramo fodya. Pamenepo a Lameki analembapo okha malamulo asanu ndi limodzi ndi penti yofiira, zilembo zopendama ngati chimanga chogwa ndi mphepo. Ine ntchito yanga n'kulemba zikwangwani, ndiye zilembozo zinkandiwawa m'maso. Kawiri konse ndinadzipereka kuti ndilembenso mwaulere.

"A Moffat," ankatero, "dzanja la amuna anga latsala pamenepa pokha. Lisiyeni."

Lamulo lachinayi linkati: WAPAKATI SALEMBEDWA NTCHITO PANO. WOPEZEKA NAPO ACHOKE. A Fainala ankadziwa bwino kuti lamulo la dziko limakana zimenezo, ndipo iwo anali asanachotsepo munthu chifukwa cha mimba. Ankangoti, "Ndani amawerenga khoma?"

Ezelina ankawerenga. Anali katswiri wawo wosankha fodya, ndipo pakhomo pake ankadya thukuta la iye yekha, chifukwa mwamuna wake anathyoka mwendo pa ngolo. Chaka chatha m'mwezi wa Meyi a Fainala anayamba kuona zachilendo. Ezelina ankamanga zitenje ziwiri zothina mpaka kupuma mobanika. Ankabisa dothi lachulu m'kansalu n'kumadya mozemba. Belo la fodya likachoka pa jeke yopsinjira, iye ndiye ankathamangira kukathandiza amuna kunyamula, kuti asaoneke wofooka.

Mayi sasowa kuuzidwa zimenezi. Koma kwathu kuno mimba ya mwini sailoza chala. Ukafunsa lero, mawa kanthu n'kulakwika, anthu amati ndiwe. Ndipo akanafunsa, Ezelina akanakana n'kuthinitsanso zitenjezo. Tsiku lina masana anamupeza ataima yekha patsogolo pa khoma lija, milomo ikuyenda pang'onopang'ono. A Fainala anachita manyazi, ndipo anachita mantha poganizira mwana amene ankafinyidwa m'zitenjemo.

M'mawa mwake anafika kwanga ndisanasukusule n'komwe.

"A Moffat, tengani laimu ndi burashi."

"Khoma lija? Si paja munati..."

"Ndinati. Tiyeni."

Titafika ndinawauza kuti tingofuta lachinayi lokha, enawo atsale. Anawawerenga onse mwakachetechete, a phoso la matenanti, a ana kuthandiza makolo m'munda, kenaka anapukusa mutu. "Awanso pali amene akuwawerenga," anatero. Anandilanda burashi n'kuyamba okha. Misozi inkatsika, osaipukuta. Ine ndinawamvera chisoni kwambiri.

"A Lameki anali munthu wabwino," anatero atamaliza. "Koma anali a nthawi yawo."

Laimu atauma ndinalemba zimene anandiuza, zilembo zazikulu zoti ngakhale wodutsa pa njinga awerenge: WAPAKATI SACHOTSEDWA NTCHITO. AKACHIRA APUME MASABATA ASANU NDI ATATU, MALIPIRO ONSE. MALO AKE AMUDIKIRA. Nthawi yopuma anaitana antchito onse n'kuwawerengera mokweza, maso ali kudenga, osayang'ana munthu aliyense.

Tsiku lotsatira ndinabwerera kukatenga makwerero anga. Ezelina analowa atavala chitenje chimodzi chomasuka, mimba ili poyera, akupuma bwinobwino. A Fainala anadzuka, anakoka mpando wawo wotsamira, umene ankakhalapo a Lameki, n'kuuika pamalo pa Ezelina.

"Khala apa, mwananga," anatero. "Zonyamula zisiyire amunawa."