Nyali Yofiira m'Pikapu ya Apongozi

Chaka chomwe zipani za matipati zidachuluka ngati bowa, ine ndidali mkamwini ku Lobi, ndipo chomwe ndinkalakalaka chidali chimodzi basi: kutenga mkazi wanga chitengwa, tikakhale kwathu ku Bembeke. Kumeneko kudali munda wa malemu bambo anga, tchire likungomera. Wopereka chilolezo adali atsibweni a mkazi wangayo, omwe ndinkawatcha apongozi, mkulu wamtali amene adagwirapo ntchito ku migodi ya ku Joni. Adauza ankhoswe kuti andilola tikakolola. Padakali pano ndiziwayendetsera pikapu yawo yatsopano, kunyamula matola ndi matumba a kachewere kupita ku Dedza boma.

Galimotoyo idabwera yopanda wailesi. Apongoziwo sadakondwe nazo. Ankati anthu masiku ano akukwera matola oimba, komanso iwo sangaphonye nkhani zachisankho chifukwa chokhala pamsewu. Adagula wailesi ya kaseti kwa mwenye wina m'tauni, ndi masipika awiri akuluakulu ngati mabeseni. Adaiika okha ndi mpeni wosendera mbatata, uku akundiuza kuti zamagetsi adaziphunzira pansi pa nthaka. Ine ndidangogwira tochi.

M'mawa mwake kanyali kofiira kadayaka kutsogolo kwa chiwongolero. Kadali kozungulira, ndiye apongozi adagamula kuti limenelo ndi tayala, galimoto ikupempha mpweya. Kalanga ine! Kuzizira kwa ku Dedza mukukudziwa. Mbandakucha, nkhungu ili mbuu, zala zitauma gwa, ine ndili pa mpope wa phazi kupopa matayala amene adali okhuta kale. Kanyaliko kankazima pang'ono, tikangonyamuka nyimbo n'kuyamba, ako kayakanso.

Sipadatenge nthawi kuti ndione kuti kamayaka wailesi ikamalira, ndipo ng'oma ikagunda kamaphethira motsatira. Koma ndikadanena bwanji? Mkamwini asamakule mwendo. Munthu amene wagwira ukwati wako m'manja sungamuuze kuti manja akewo ndi amene aononga galimoto. Ndidauza mkazi wanga. Iye adaseka mpaka kugwetsa lichero, kenako adasiya kuseka n'kundichenjeza kuti ndisayerekeze ngati ndikufunadi kukaona Bembeke.

Tsono mlandu udagwera ine. Apongozi ankauza aliyense wokwera kutsogolo kuti mkamwini wawo amayendetsa ngati akuthamangitsidwa ndi njuchi, amagwera dala m'maenje, n'chifukwa chake matayala sasunga mpweya. Ndinkaseka nawo, mumtima mukutentha ngati ndameza khala. Chidandiwawa kwambiri n'chakuti m'chiuno mudayamba kupweteka chifukwa cha mpope uja, ndipo azimayi a pamsika adayamba kunditcha apopapopa.

Kenako adandituma ku Lilongwe, ku kampani yomwe idatigulitsa galimotoyo, poti adalonjeza kukonza ulere chaka choyamba. Ndidakhala pabenchi tsiku lonse. Madzulo mkulu wa galaja adandiitana n'kundionetsa waya wosendedwa, womangidwa ndi lamba wa chubu. Adati kanyaliko n'kochenjeza za mabuleki, za matayala sikadziwa kanthu, ndipo wina adalumikiza wailesi pa waya wake. Poti mawaya adadulidwa kunja, lonjezo lokonza ulere lidafera pomwepo. Akadati asinthe mawaya onse, mtengo wake udali wa ng'ombe zingapo. Ngakhale kungoyang'ana kokhako adandilipitsa, ndipo ndalama ya mafuta obwererera idatsala pomwepo theka.

Ndidamufunsa kuti ndikanene chiyani kumudzi. Adakweza mapewa n'kuti ndikanene zoona. Zoona! Munthu wa m'tauni amaganiza kuti zoona amangozitula pakhomo ngati mtolo wa nkhuni.

Pobwerera ndidaima pa Linthipe, mutu uli balala. Ndikanena kuti ndi wailesi, ndawanyoza apongozi, chitengwa chapita. Ndikanena mtengo wokha, adzati waononga ndine, ndigwire ntchito mpaka ng'ombezo zitabwerera. Ndikakhala chete, ndipopa mpaka msana utathyoka. Pomwepo ndidagula waya kwa okonza njinga, ndidachotsa wailesi pomwe adailumikiza apongozi n'kuipatsa njira yakeyake kuchokera ku batire. Malo osendedwawo ndidawakulunga bwinobwino. Nditaliza injini, nyimbo idaimba, kanyali kali zii. Ndidatsala pang'ono kuvina pamsewu.

Kunyumba ndidangoti a ku galaja adatchula mtengo woopsa, ndiye ndidagwiragwira ndekha mpaka zidatheka. Za waya wawo sindidatchule. Apongozi adakwera, adakweza wailesi mpaka nkhuku zidathawa, maso ali pa kanyali kaja. Sikadayake. Adandigwira chanza ndi manja awiri, chinthu chimene adali asadachitepo chikwatirire ine pamudzipo. Sabata imeneyo adandipatsa tambala wonenepa, ndipo okwera kutsogolo adayamba kumva kuti mkamwini wawo adaposa amakaniko a mumzinda.

Tidakolola. Chimanga chitalowa m'nkhokwe, ankhoswe a mbali zonse adakhala pamphasa pansi pa mtengo wa pichesi. Mkazi wanga adali atamanga kale mapoto m'chitenje. Ankhoswe anga adakumbutsa mwaulemu za lonjezo lija. Apongozi adayamba ndi kundiyamikira, ndipo adayamikira nthawi yaitali mpaka ine ndidayamba kuchita mantha.

"Akamwini athuwa ndi munthu wa manja," adatero. "Galimoto ija imamvera iwo okha. Tsono akapita ku Bembeke, ikadzadwalanso adzaichiza ndani? Ayambe akhala."

Ankhoswe anga adandiyang'ana kuti mwina ndinenapo kanthu. Ndidayang'ana pansi. Onse adaomba m'manja kuvomereza, ndipo ine ndidaomba nawo.