Mpando wa mayi ake a Andrea

Mayi Clotilda anawoloka Shire ali kamtsikana, kuchokera ku Mozambiki, nangokhazikika pa Bangula. Zaka makumi atatu akuwamba milamba pamsika, maso ofiira ndi utsi. Ine Molly ndinkayala nsomba zanga pambali pawo. Chichewa chawo chinali chosakaniza ndi Chisena, ndipo ukawaseka amakutukwana m'zilankhulo zonse ziwiri.

Mwana anali mmodzi yekha, Andrea. Anamulera okha, bambo wake atagwidwa ndi ng'ona. Atakula analowa usilikali, ndipo mu 1988 anamutumiza kukalondera njanji ku Mozambiki konko. Zigawenga zitatchingira sitima, iye anatsala yekha pamlatho akuwombera mpaka anzake onse atathawa. Anabwera m'bokosi.

Ndiye imvani zamanyazi! Uthenga unafika woti akuluakulu a asilikali abwera ndi mendulo yaulemu, adzapereke kwa mayi wake pamanda. A Elias, apampando a chipani m'dera lathu, anawayang'ana mayi Clotilda, opanda nsapato, akulira m'Chisena, nati, "Mayi awa, alendo adzawayesa othawa nkhondo. Tichita manyazi."

Manyazi! Mwana kufera dziko, mayi wake n'kukhala wochititsa manyazi? Anatenga mlongo wawo Imelda, namuveka duku lakuda, n'kumukhazika pampando wakutsogolo. Mayi Clotilda anawakankhira kumbuyo kwathu, pansi pa mtengo wa masawu. Ife tonse pakamwa tseke. Masiku amenewo ukatsutsa apampando unkasowa. Mpaka lero ndimadzida ndikakumbukira.

Mfuti zinalira katatu. Nthawi yotsitsa bokosi itakwana, adzukulu okumba manda anangokhala pamulu wa dothi, makasu pamiyendo. A Elias anawakalipira. Mkulu wawo, a Geresomo, anayankha osadzuka.

"Kuno sititsitsa mwana mayi wake asanatsanzike. Tikudikira mayi wake."

"Si awa ali apawa?"

"Tikudikira, bambo."

Dzuwa la kuchigwa kuno mukulidziwa. Asilikali thukuta kamukamu. Kenako Imelda anavula duku lija n'kuchoka pampando. Mkulu wa asilikali, amene anali naye Andrea pamlatho paja, anatembenuka.

"Kodi mayi wake ndi ati?"

Ndinawagwira dzanja mayi Clotilda, tinadutsa pakati pa anthu. Mkulu uja anagwada, mendulo ili m'manja awiri. Iwo sanaiyang'ane n'komwe.

"Mwanawe, unalipo pamene ankatsirizika?"

"Tinabwerera kukamutenga, mayi. Tinamupeza akupumabe."

"Ankaitana ndani?"

Msilikaliyo anati, "Ankaitana amayi ake."

Mayi Clotilda anatembenukira kwa a Elias mwaukali.

"Mwamva? Ndiye mukanamuika mwana wanga m'dothi atamuyankha munthu wina?"