Tsiku limene mkazi wanga ananditchula kuti iwe

Zaka zoposa makumi awiri zimene tinakhala m'banja, mkazi wanga anali asananditchulepo kuti iwe. Ngakhale tiyambane chotani, ankati “inu bambo”. Ine ndine wa mtima wapachala. Ku Area 23 kwathu aliyense amadziwa, ndipo sindibisa. Ndikayamba kukalipa, iye ankangopitiriza kusita malaya anga mpaka nditatopa ndekha.

Lamulungu lina titaweruka kutchalitchi, kunyumba kunabwera akuluampingo awiri kudzacheza. Tili pakhonde, iye anatuluka ndi tiyi, n'kuika thireyi patebulo, n'kundiyang'ana.

“Iwe, sendera uko. Wangodzaza pampando ngati belo la fodya.”

Anaseka yekha. Alendo aja anayamba kuyang'ana nsapato zawo. Ndinadikira kuti atsanzike, kenako makapu onse ndinawaswera pakhoma. Iye anangoyang'ana mapalewo, osawasesa n'komwe.

Kuchokera pamenepo zinangopitirira. Anasiya kupita kumsika wa Chilinde kumene ankagulitsa kaunjika. Mayi woyandikana nafe anabwera kudzationetsa mdzukulu wake wakhanda, iye n'kumuuza pamaso kuti mwanayo ndi wonyansa. Nyemba zinkapserera iye atakhala pomwepo, utsi uli tolotolo, ndikamufunsa akuti sakumva fungo lililonse. M'mawa ankadzuka atamanga duku molimba, akuti mutu. Ine ndinkati ulesi. Kenako ndinati pali mwamuna wina, chifukwa kwa ine mkazi sangayambe kupeputsa mwamuna wake popanda womulimbitsa mtima.

Ndinaitanitsa ankhoswe. Kuchokera ku Ntcheu kunabwera amalume ake, bambo okalamba oyenda ndi ndodo. Atayamba kumulangiza, iye anawadula.

“Iwenso ndi mano ako awiriwo, ukuti chiyani?”

Ndinaimirira. “Mwadzionera nokha, amalume. Mutengeni, mukamuphunzitsenso mwambo.”

Anakwera minibasi osalira, osacheuka. Ndinati umboni ndi umenewo.

Patapita miyezi ingapo anagwa kudimba kwawo, akuphupha ngati wa khunyu. Abale ake anabwera naye kuchipatala chachikulu kuno ku Lilongwe, ndipo anamujambula m'mutu. Ndinapita, koma ndinapita ndi mkwiyo wanga womwewo. Dokotala wake anali mayi wodekha, wovala magalasi. Anandifunsa kuti mkazi wanga anayamba liti kusintha.

“Kusintha kwakeko n'kwa mtima, adokotala. Si kwa mutu ayi.”

“Abambo, mumagwira ntchito yanji?”

“Ndimayendetsa lole ku Kanengo.”

Anaika chala pachipumi pake. “Kuseri kwa fupa ili kuli mbali ya ubongo imene imagwira ntchito ngati mabuleki. Mawu amatibwerera tonse, abwino ndi oipa omwe. Mbali imeneyi ndiyo imati dikira, awa ndi amalume ako, pano pali alendo. Ndiyonso imamudzutsa munthu kuti akasambe, apite kumsika. M'mutu mwa akazi anu muli chotupa chimene chakhala chikukanikiza pamenepo pang'onopang'ono. Mitsempha yomvera fungo imadutsa pansi pake. Kodi sanadandaulepo za fungo?”

Ndinkaona nyemba zija.

Chimene chimandiwawa n'chakuti ine si mbuli. Ndili Fomu 3 ndinajambulapo ubongo m'kope, ndi mizere yolozera mbali zake zonse, ndipo aphunzitsi anandichonga bwino. Koma kwa ine zinali za mayeso basi. Sindinaganizepo kuti ulemu wa mkazi wanga, “inu bambo” uja, umakhala m'kanyama kofewa kamene chotupa chingathe kukafinya. Ndinkati ulemu umakhala mumtima, ndipo ukachoka ndiye kuti mwiniwake wauchotsa dala.

Ndinafunsa mwaukali, poti ndimo ndimafunsira ndikachita manyazi. “Nanga ine wokalipakalipane, ndili nachonso chotupa?”

“Anu mabuleki alipo, abambo. Kaya ngati mumawaponda.”

Kenako ndinafunsa funso lenileni, loti zikanatha bwanji ndikanabwera naye nthawi ya makapu ija. Anavula magalasi n'kuwapukuta nthawi yaitali. Anati njira zikanakhalapo zochulukirapo kusiyana ndi tsopano.

Mkazi wanga ndinamutengera kunyumba, kwathu, osati ku Ntcheu. Amalume aja anangondiyang'ana, ndipo bwenzi zili bwino akanandituka. Ndinapempha tchuthi kuntchito. Ndinkamusambitsa, kumumwetsa mankhwala oletsa kugwa, kumumangira duku. Ankanditchula kuti iwe tsiku lonse, ndipo ndinkavomera. Anamwalira mvula itangoyamba kumene.

Anthu pamaliro ankandiyamikira kuti ndinamusamala. Sankadziwa kuti chimene ndinkachifuna sindinachipeze. Masana ena, kutatsala milungu yochepa kuti amwalire, ndinamukhazika pampando pakhonde lomwe lija. Ine amene sindinagwadirepo munthu chikulireni, ndinagwada pasimenti. Ndinamuuza zonse: za makapu, za mwamuna amene ndinam'peka m'mutu mwanga, za minibasi. Ndinati, “Mayi, ndinakulakwirani. Munkadwala, ine n'kukuthamangitsani. Ndikhululukireni.”

Ndinkadikira kuti alire, kapena anditukwane, chilichonse chosonyeza kuti mawuwo afika. Koma mbali imene ikanawalandira inali itafinyika kale. Mkazi amene ndinamulakwira uja, wodziwa kulemera kwa mawu, sanalinso pampandopo kuti andimve. Anandiyang'ana monga mmene anayang'anira mapale a makapu aja.

“Iwe, ukulira chiyani? Tandikanda kumsana kuno.”

Ndinadzuka, ndinazungulira kuseri kwa mpando, n'kuyamba kumukanda.

“Osati pamenepo. Pansi pang'ono.”

Ndinatsitsa dzanja.