Kondakitala wa M'munda wa Mpunga

Ku Kaporo anthu amati Keziya anakwatiwa ndi pakamwa. Mwamuna wake Ambokile anali kondakitala wa minibasi, ndipo akakuwa kuti "Songwe! Songwe!" ali pa depoti ya Karonga, ngakhale ogontha ankatembenuka.

Tsiku lina tayala linaphulika, minibasi n'kugubuduzika. Ambokile anabwerako wamoyo, koma kuyambira m'khosi mpaka kumapazi thupi linali zii. Keziya ndiye anasanduka manja ndi miyendo yake: kumusambitsa, kumutembenuza kuti asachite zilonda, kumudyetsa ndi supuni. Imvi zinamupeza akuchita zomwezo. Kudandaula ankadandaula ndithu, nanga iye ndi mwala?

Chimene chinamuopsa n'chakuti chaka china pakamwa paja panatsekeka. Phala Ambokile ankalavula.

"Ndine katundu ine, amake Lughano," anatero. "Wosagwira ntchito asadye."

Munthu anayamba kutha ngati sopo, Keziya akuona. Nthawi yomweyo mpunga unali ukucha, ndipo mpheta zinkaudya ngati zaitanidwa ku ukwati. Wodwala kunyumba, mbalame kumunda, iye thupi limodzi! Mtima unamuwira. Anamanga ng'ombe pangolo, n'kuyala matiresi, aneba n'kumuthandiza kukweza mwamunayo.

"Mukupita nane kuti?" anafunsa Ambokile.

"Si mwati ndinu katundu? Katundu safunsa, bambo."

Kumunda anaimika ngolo pansi pa mango, n'kumutsamiritsa pa thumba la mankhusu. Mpheta zinatera, chigulu chakuda bii. Keziya anazithamangira akuliza chitini, koma anaterereka n'kugwa chagada m'matope, miyendo m'mwamba. Mbalamezo sizinasunthe n'komwe. Ambokile zinamunyansa, khosi lija n'kutseguka.

"Tsikani! Tsikani nonse! Yadzaza iyi, kakwereni ina!"

Mayo ine, mawu ake! Mpheta zonse balala, ng'ombe nazo kufuna kuthawa ndi ngolo. Keziya anaseka ali chigonere m'matopemo mpaka kutsokomola. Zikabwerera, Ambokile ankazitsitsanso, kuzitukwana ndi makolo awo omwe. Eni minda yoyandikana anabwera akuthamanga, aliyense kupempha kuti mawa ngolo idzaime chakwawo, ndipo mpaka lero mpunga ukamacha amamulimbirana.

Dzuwa litafika paliwombo, mawu anamvekanso kuchokera pangolo.

"Amake Lughano! Kodi pakampani pano antchito sadya?"

Keziya anathamanga osasamba n'komwe matope kumaso. Anatsegula kontena ya mbalagha, nthochi zophika ndi nyama zomwe anadzitengera yekha, n'kuyamba kumudyetsa misozi ili mbwembwembwe. Ambokile anamaliza zonse, n'kufunsa ngati kwatsala zina.