Chogwirira Chitseko Pamwamba pa Mutu

Tinyumba ta zidole tonse tisanu timene mayi wina anapanga anamubwezera tsiku limodzi. Mwini shopu ya zidole anatiika pansi pakhomo, osafuna n'kutigwira kawiri.

"Achemwali, tengani. Ana akasuzumira pawindo akumalira. Wina dzulo wati muli munthu akumuyang'ana. Lachisanu mukabweretsanso zoterezi, shelefu ndipatsa wina."

Mayi wa tinyumbayu ankasesa utuchi kwa kalipentala, n'kumatola zidutswa za matabwa zopangira tinyumba ta zidole. Makolo ake anamwalira iye ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, nyumba yawo n'kugulitsidwa. Sukulu analekera panjira masamu atamukana. Popanda shelefu ija, akanakalamba tsache lili m'manja.

Tinyumbato tinali tosalala, penti wosadontha. Koma ukasuzumiramo, thupi linkachita tsembwe. Bedi ngati bwalo. Mawindo kudenga. Mipando italiitali, ngati ikudikira alendo amene si anthu.

Kalipentala, bambo wachikulire wosowa chala chimodzi, anaimika chidole pakhomo pa kanyumba kamodzi.

"Taona. Chogwirira chitseko chili pamwamba pa mutu wake. Tebulo lamulekeza m'chibwano. Ukumangira ndani iwe, ziwanda?"

"Ndimamanga mmene inalili nyumba yathu, bambo."

"Unachokamo uli wamtali bwanji?"

Mayi uja analoza m'chiuno mwake. Zaka makumi atatu zinali zitadutsa, koma ankayezabe ndi maso a kamtsikana kamene kanatulutsidwa m'nyumba muja.

"Sankha muyeso umodzi, usamausinthe," anatero kalipentala. "Nyumba yeniyeni ikakhala mainchesi khumi ndi awiri, iwe ika inchi imodzi pa kanyumba. Tenga tepi ukayeze. Mutu wakowo ndi wabodza."

M'mawa mwake anapita kunyumba yawo yakale ija. Anamutsegulira mayi wina wokalamba amene amakhalamo tsopano.

"Yezani, mwanangu. Koma chipinda chakumapeto sitigonamo. Chitseko chake chimatseguka chokha, pang'ono pokha, ngati wina wamfupi akukankha cham'munsi."

Nyumbayo inali yaing'ono mochititsa manyazi. Denga analikhudza ndi chikhatho. Anayeza pabalaza, anayeza khitchini, kenaka analowa m'chipinda chakumapeto, mmene mayi ake anatsirizikira. Dzuwa linali phwee panja, koma m'menemo munkazizira.

Ali chogwada ndi tepi, chitseko chinalira kumbuyo kwake n'kutseguka pang'ono. Sanacheuke.

"Dikira kaye," anatero mokweza. "Ndimalize khomali."

Anamaliza makoma onse anayi, ndi windo lomwe.

Kugawa manambala kunamukanikabe. Ndiye anatenga chingwe. Ankachidula kutalika kwa chitseko chenicheni, n'kuchipinda pawiri, pawirinso, kenaka patatu. Kotsalako ndiko kanali kutalika kwa kachitseko. Tebulo chimodzimodzi, bedi chimodzimodzi. Masiku atatu ali pa chingwe ndi macheka, zala zitatupa ndi guluu.

Lachisanu mwini shopu anaika kanyumba katsopanoko patebulo, iye n'kuima patali. Munalowa mayi wina ndi mwana wake wamkazi. Mwanayo anaika diso pawindo, n'kuyang'ana chipinda chilichonse.

"Amayi," anatero potsiriza, "ine ndizigona uku. Inu muzigona kukhitchini."

Mwini shopu anaseka mpaka kutsokomola. Tsiku lomwelo anachotsa timagalimoto pa shelefu yachiwiri kuti aikepo tinyumba tina.

Lero mayi wa tinyumba uja ali ndi malo akeake ogwirira ntchito. Ojambula mapulani a nyumba amabwera kudzamupempha tinyumba toonetsa makasitomala awo. Wofuna ka zidole amamuuza kuti, "Bweretsani kaye chidolecho. Mwini nyumba ndi amene amapereka muyeso."

Inu amene mukuti manja anu ndi atsoka, mwina manjawo alibe mlandu. Mavuto amene munawaona muli ana mukuwayezabe ndi msinkhu wa nthawi imeneyo. Mwakula tsopano. Musagwe mphwayi. Pitani komwe mumaopako, mukayeze nokha.